Chikopa cha Madontho Oyera

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Khumi! Meseji ndaiwerenga kanayi. A Irene, anesi a ku boma aja amene anagula chikwama changa choyamba, akuti mkulu wawo wa ku Lusaka akufuna zikwama khumi zoika m'shopu. Pa 24 zikhale zili m'basi. Ndavina ndekha m'shedi, singano ili kukamwa. Mulungu ndi wabwino, sindinaimeze.

Zikopa zofufuta kale zilipo zisanu ndi zinayi. Chakhumi chili m'diramu ya makungwa, chituluka Lachinayi. Zonse za mbuzi. Kuno ku Tembwe nyama zakutchire zimafika pakhomo penipeni, ndiye munthu ukanyamula chikopa anthu amakuyang'ana kawiri. N'chifukwa chake ndinalumbira poyamba pomwe: mbuzi basi, ndipo ya munthu wodziwika. Mkati mwa chikwama chilichonse ndimasokamo dzina la mwini mbuzi ndi mudzi wake.

A Fred, amuna anga, akuti kuyambira lero mkazi wawo azimutchula bwana. Ndawauza kuti ayambe ndi kutunga madzi.

Lachitatu, 8 Okutobala

Kutentha. Nkhuku zonse pakamwa yasaa pansi pa nkhokwe. Ndadula zitatu, ndabowola ziwiri. Chala chachikulu chatupa koma mtima uli myaa.

M'mawa ndapeza mtolo wa makungwa a mthethe pakhomo la shedi. Apongozi aamuna, a Goma. Zaka zinayi ndili pamudzi pano, sitinalankhulanepo maso ndi maso. Mwambo wa kuno ndi wolimba kuposa kwathu ku Katete. Tikakumana panjira ine ndimalowa m'thengo, iwo amayang'ana mitambo. Dzina lawo loyamba sindinalitchulepo n'kamodzi komwe.

Chonsecho kufufuta anandiphunzitsa ndi iwowo. Kale anali mlenje, asanakapereke mfuti kwa a gemu, oyang'anira nyama zakutchire, ndiye zikopa amazidziwa. Chikopa changa chikauma gwa, mawa lake ndimapeza botolo la mafuta a nsatsi pakhomo. Ndikapala ubweya mosasamala, ndimapeza mpeni wanga utanoledwa. Zikavuta kwambiri amayankhula ndi mtengo wa mango uli pafupi ndi shedi, mokweza: “Iwe mango, phulusa likachuluka chikumba chiwola!” Mtengo umenewo wadzudzulidwa kwambiri chifukwa cha ine.

Lachinayi, 9 Okutobala

Galu wa aneba. Ndinayanika chikopa chakhumi pamthunzi, n'kupita kukaphika. Pobwera, pakati ponse palibe, kwatsala miyendo. Ndakhala pansi n'kulira ngati mwana. Kenako ndamuona galuyo atagona chagada, mimba ndendende, mchira ukugwedera, ndaseka mpaka misozi ina yatsopano.

Kufufuta china kumafuna masabata atatu. Masiku atsala khumi ndi asanu. Sizikwana.

Ndasoka chachitatu. Chakongola, zipi yakhala bwino.

Loweruka, 11 Okutobala

Pakhomo la shedi lero panali thumba la saka lomanga ndi luzi. Mkati chikopa chofufuta kale. Chofewa moti ndinachiika patsaya. Chofiirira, madontho oyera m'ntchafu, mzere pamsana. Sindinagwirepo chikopa chokoma chotere.

Si mbuzi. Mbawala.

Ndachibweza m'thumba msangamsanga ngati chikuotcha. Apongozi aakazi akuti n'chakalekale, nyama yomaliza imene bambowo anapha. Akhala akuchisunga pansi pa mphasa zaka khumi ndi chimodzi. Atamva za galu anachitulutsa okha, anakhala tsiku lonse akuchipaka mafuta. Ana awo enieni anawamana. Apatsa ine.

A Fred asangalala. “Manje vuto ili kuti? Ukachotsa ubweya ndani azaziba?” Zoona, palibe angadziwe. Ngakhale a Irene. Ubweya ukachoka chimangooneka ngati cha mbuzi yonenepa.

Ndawafunsa kuti mkati ndisokamo dzina la ndani. Akuti lililonse.

Lamulungu, 12 Okutobala

Kutchalitchi ndayimba koma maganizo ali pa saka. Amayi a kwaya amva za Lusaka, andinyamula m'mwamba panja. A Immaculate akuti mbuzi yawo ikafika ku Lusaka iwo asanafikeko, ndiwauze kuti yaona zotani.

A Immaculate omwewo ndiwo andiganizitsa. Dzina lawo lili m'zikwama ziwiri. Anthu asanu ndi atatu andipatsa mayina awo. Bodza limodzi likalowa pakati pawo, tsiku lina wina akadzafunsa, mayina onsewo adzakayikiridwa. Ndipo chikwamacho chikadzagwidwa panjira, dzina limene ndasokamo ndi la munthu wosalakwa.

Koma kubweza mphatso ya apongozi! Ndapempha a Fred akabweze. Mwadzidzidzi akumbukira kuti ali ndi ulendo wa ku Chifunda wokaona mbewu ya mpunga. Mwamuna wamkulu, ndevu pepeya, kuopa bambo ake. Apongozi aakazi akuti iwo salowamo, anakalamba.

Lachitatu, 15 Okutobala

Zisanu ndi chimodzi zatha. Ndazipachika pa chingwe, ndimangozizungulira. Fungo lake la makungwa ndi mafuta limandikoma kuposa sopo wa m'shopu.

Ndaimbira a Irene. Ndinakwera pachulu kuti netiweki igwire. Ndawauza kuti zikhala zisanu ndi zinayi, chakhumi chadyedwa ndi galu. Anaseka mpaka ndinamva wina akuwafunsa ngati ali bwino. Akuti mkulu wawo adandaula pang'ono chifukwa anakonza kale malo, koma tumizani zomwezo. Basi. Ine ndinasowa mtendere masiku onsewa poopa foni ya mphindi ziwiri.

Kwatsala saka. Ili pakona, ndaiphimba ndi chitenje, komabe ndimaiona.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ndapita ndekha.

Ndinagwira nkhuku yanga yoyera, saka kumutu. Apongozi aamuna anali pansi pa mtengo akuluka dengu. Ndinagwada patali, ndinaika nkhuku patsogolo. Ndinkafuna kuyankhula ndi dengulo monga amachitira iwo ndi mango, koma ndinaona kuti nkhani iyi si ya dengu. Ndinati, “Atata, ndabwera ndi mlandu.” Mawu anga oyamba kwa iwo.

Ndinanena zonse. Kuti chikopa chotere sindinachionepo. Kuti zonse zimene manja angawa amadziwa zinachokera kwa iwo. Kuti anthu amagula kwa ine chifukwa ndinawalonjeza mbuzi, ndipo sindingasoke dzina labodza. Ndinayankhula Chisenga changa chothyokathyoka, mwina ndinawatukwana osadziwa.

Manja anasiya kuluka. Kenako anatenga saka n'kulowa nayo m'nyumba. Nkhuku inatsala panja yomangidwa miyendo, ikundiyang'ana.

Ndabwerera m'shedi. Ndasoka mzere umodzi, wokhota, ndaumasula.

Lolemba, 20 Okutobala

Masiku anayi pakhomo la shedi palibe kanthu. Makungwa ayi, mafuta ayi. Palibe woyankhula ndi mango. Sindinkadziwa kuti ndinazolowera kudzudzulidwa chonchi.

A Fred anabwera Lachisanu kuchokera ku Chifunda, opanda mbewu. Akuti bambo awo Loweruka anachoka m'mamawa pa njinga, anabwera dzuwa litapendeka, sanauze munthu kumene anapita. Akuti ndawachititsa manyazi madala. Ndawayankha kuti manyazi ena anapita ku Chifunda. Sitinadyere pamodzi.

Zisanu ndi zitatu zatha. Zokongola, ndikudziwa. Koma lero ndazipachika osavina.

Lachitatu, 22 Okutobala

Chomaliza chatha masana. Cha a Brilliant a ku Tembwe komwe kuno, mbuzi yakuda ija inkaba tomato pamsika. Pomaliza yachita chinthu chaphindu.

Ndazikulunga m'mapepala, ndaziika m'katoni. A Fred amanga katoniyo ndi zingwe zambiri ngati mkati muli ng'ona. Ndiko kupepesa kwawo. Ndalandira.

Apongozi aakazi anadutsa ndi mtsuko, anandinong'oneza kuti nkhuku ija inadyedwa Lamulungu. Bambowo anadya chiwindi ndi ntchafu zonse ziwiri. Munthu wokwiya amadya nkhuku ya amene wamukwiyitsa? Sindikudziwa.

Lachisanu, 24 Okutobala

Katoni yapita! A Fred anainyamula pa njinga yamoto mpaka ku boma, a Irene aikweza okha m'basi. Atumiza chithunzi, katoni yanga ili pakati pa matumba a mpunga. Kusukulu ana akuimba nyimbo za tsiku la ufulu, ine ndikuti akuimbira ine.

Koma si zimenezo zandikhazika pansi kuti ndilembe.

Ndikusesa m'shedi ndinamva mbuzi ikulira pakhomo. Kutuluka, apongozi aamuna. Chingwe m'manja, kumapeto kwake tonde wawo wamkulu, wofiirira wa mawanga oyera. Ndinafuna kuthawira kuseri, koma shedi ili ndi khomo limodzi. Ndinagwada pomwepo, tsache lili m'manja.

Sanayang'ane mango. Anayang'ana ine.

Akuti Loweruka anapita kukampu ya a gemu, kumene anasiya mfuti kale. Anakasiyanso chikopa chija. “Futi inapita kale, chikumba ndiye chinatsalira. Manje vonse vili pamodzi.” Akuti wa gemuyo anachisisita nthawi yaitali, n'kufunsa amene anachifufuta. Pamenepo apongozi anaseka, mano awo awiri otsala poyera. Zaka zinayi, sindinkadziwa kuti amaseka chonchi.

Kenako anandikalipira. Ine mwini, osati mtengo. Akuti ndagula zikopa mudzi wonse, mpaka kwa anthu osadziwa n'kusenda komwe, mayina awo akupita ku Lusaka, koma mbuzi zawo ndimangozidutsa ngati zili ndi mphere. “Mkamwana, mbuzi zanga zinakulakwirani chani?” Ndinati ndinkaopa kupempha. Anati nawonso ankaopa kupereka.

Tonde aphedwa mawa, nyama tidya tonse. Chikopa asenda okha, akuti a Fred angachiboole. Masabata atatu, chikwama chakhumi chilondola zinzake. Ndinafunsa kuti mkati ndisokemo kuti a Goma. Anakana, akuti a Goma ndi ambiri m'chigwa muno, wina angatengepo ulemu wa mbuzi yawo. “Mulembe Abel. Nenani timve ngati muzakwanisa.”

Ndinayang'ana pansi. Apongozi aakazi ataima patali, dzanja pakamwa. Ndinalinena. Motsitsa, koma ndinalinena. Thambo silinagwe.

Manje ali panja pa shedi, adzikhazika okha pa mpando wanga, akununkhiza diramu ya makungwa. Akuti madzi ake atha mphamvu. Akundiitana. Ine, osati mango. Ndikupita ndisanakalipiridwenso.