Dzanja Langa pa Mawusi Yakufa

Mzimba Boma
Lachitatu

Okondedwa achimwene a Yoram,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa bambo uja unaphwa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndalemba kalata chifukwa foni ya kwanuko imayankhidwa pa sipika, ndipo nkhani iyi sindikufuna ikafike kuchigayo. Ndapatsira Lyson, kondakitala wa minibasi ya ku Jenda.

Kuno dzuwa likuotcha, fumbi mpaka m'mano. Alimi ayamba kubwera ku bungwe lathu kudzalembetsa mbewu, ena panjinga kuchokera ku Manyamula. Ntchito yowalowetsa mu kompyuta mukudziwa kuti inali yanga. Ndikuti inali, achimwene.

Mwezi watha abwana athu a Gregory anati kukubwera ejenti wodzandithandiza. Ine kupusa kwanga ndinapukuta mpando, kuganiza kuti ndi munthu. Amene anabwera ndi mphwawo Wakisa wa ku Mzuzu, ejentiyo ali mu fulashi. Ndi pulogalamu imene imaona zili pa sikirini, n'kumayendetsa yokha kamuvi ka mawusi ndi kulemba, ngati pali zala pa kiyibodi. Wakisa anandipempha kuti ndizigwira ntchito pang'onopang'ono kuti chinthucho chione m'mene ndimachitira. Ndinachiphunzitsa ndi mtima wonse, mpaka kubwereza pamene sichinamve. Palibe anandiuza kuti ndikusula mpeni wondichekera ndekha.

Tsopano chimatsegula mafayilo, kulemba maina, kusindikiza, osapita kukadya, osapempha tchuthi cha maliro. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Mukukumbukira mayi ankandiseka kuti ndisanabaye singano ndimazunguza chala pansalu ngati nkhuku yofuna poikira? Chizolowezicho ndinapita nacho pa mawusi. Lero kamuvi kaja kasanadine posunga, kamazungulira kaye pang'ono, ndendende ine. Wakisa anaseka, ati chatengera mayi ake. Ine sindinaseke. Ndimaona dzanja langa likugwira ntchito, mwini wake ndili pambali.

Ndikanachotsedwa sabata yomweyo pakanapanda mkulu wina wa ku Manyamula. Analowa, n'kupeza mpando uli wopanda munthu koma kamuvi kakuyendayenda ndipo dzina lake likudzilemba lokha. Anavala chipewa n'kutuluka, akuti sangalembetse pamalo polemba mizimu. Nkhani inafika pamsika iye asanakwere njinga. M'mawa mwake a Gregory anandiuza kuti ndizikhala pampandopo, dzanja pa mawusi, maso pa sikirini. Mawusi yakeyo chingwe chake anachizula, chimathera kuseri kwa tebulo. Ndiye ntchito yanga tsopano, achimwene: kunamizira. Alimi amanditamanda kuti ndili ndi changu, amathokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene mama, ine n'kumavomera ndi mano okha.

Lachisanu lapitali zinafika poipa. Mukudziwa kuti kuno amayi ambiri amatchulidwa ndi mfunda, ndipo mudzi umodzi ukhoza kukhala ndi a NyaJere angapo. Chinthu chija chinaona a NyaJere atatu a mudzi umodzi, chinayesa kuti ndi munthu mmodzi wolembedwa mobwereza, n'kufafaniza awiri. Ndinaona chikuchita. Ndinagwedeza mawusi, ndinadina, koma mawusi yakufa imamva ndani? Amayi awiriwo anapalasa njinga ulendo wonse uja n'kubwerera opanda mbewu. Asanachoke, mmodzi anandiloza pamaso pa anthu, akuti anandiona ndi maso ake ndikuwafafaniza, ndipo anafunsa ngati ndawachita zimenezi chifukwa si a kwathu. Ndikanayankha chiyani? Dzanja linalidi pamenepo.

Ndinayang'ana a Gregory kuti anene zoona. Iwo anapepesa amayiwo m'Chitumbuka chokoma, n'kuwalonjeza kuti mtsikanayu amulangiza. Pambuyo pake anandinong'oneza kuti ndipirire, dzina la bungwe lisaipe. Ntchito ndi ya makina, chitamando ndi cha bungwe, koma mlandu ndi wa ine Dyness. Dzulo pamsika mayi wogulitsa tomato anandibisira mbale yake, kukana kundigulitsa.

Ndatopa, achimwene, ndipo ndakwiya. Ndawauza a Gregory kuti kulembetsa mbewu kukatha ndisiya. Sanandikakamize n'komwe, anangofunsa ngati ndikudziwa mtsikana wina wofatsa wotha kukhala pampando.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire makina osokera a malemu mayi. Ndikudziwa kuti alamu a Modester anayalapo nsalu n'kuikapo wailesi, ndipo sindikufuna mkangano, koma mayi anandisiyira ine, inu muli pomwepo. A Judith, amene ndimapemphera nawo, andilola kukhala pakhonde la sitolo yawo pafupi ndi depoti. Mutu wa makinawo muukulunge m'bulangete, miyendo mumange payokha, mupatse Lyson. Lamba akapezeka wadyedwa ndi makoswe musavutike, ndidzagula kuno.

Bambo akafunsa, muwauze kuti ndikufuna kusoka madzulo. Zinazo ndidzawauza ndekha pa Khirisimasi. Paja amauza mpingo wonse kuti mwana wawo amayendetsa kompyuta ku Boma, asiyeni anyadeko mwezi wina umodzi.

Mundiperekere moni kwa bambo, kwa alamu, kwa azakhali a ku Jenda, ndi kwa ana onse. Wezi mumuuze kuti diresi lake la Khirisimasi ndimusokera ine, ndipo likakhota msoko adzadziwa wom'dandaulira. Makina a mayi ndi okalamba, amalira ngati ngolo, koma ndikachotsa phazi amaima.

Ndine mlongo wanu,
Dyness