Pamene Agona Mwana wa Esinati

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko? Ndine Matrida, mwana wanu wolongolola uja.

Kuno ku Mpanshya tilipo. Chimanga sichinachite bwino chaka chino. Mvula inadula ngayaye zitangotuluka, ndipo chomwe tinakolola sichinafike ndi pakati pomwe pa nkhokwe. Mtedza ndiwo watipukuta misozi. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa, koma khalidwe silinasinthe: dzulo yalowanso m'dimba la akatekisiti, ine n'kupita kukapepesa monga munkachitira inu. Mdzukulu wanu Tereza wakhoza mayeso, ndipo akuyenda ngati msewu wonse ndi wake.

Koma sindinakhale pansi kuti ndikuuzeni za mbuzi. Esinati, mkazi wa Yosefe wanu, uja munamusiya atangolowa m'banja, anali woyembekezera. Ndinkadikira kuti ndidzakuuzeni pamodzi ndi dzina la mwana. Matenda anamuyamba ali kumunda, tinathamanga naye kuchipatala, anamwino anayesetsa, koma mwana anabadwa osalira. Anali wamkazi, Amayi, tsitsi lodzaza mutu, zala zazitali ngati zanu. Mtima wanga unasweka, ndipo mpaka lero sunabwerere m'malo.

Mwambo mukuudziwa. Mwana wobadwa atafa sapatsidwa dzina, saliridwa, sakhalirapo maliro. Tinamutenga ife azimayi okhaokha, mng'ono wanu a Felesiya ali patsogolo, Esinati ali chigonere m'chipatala. Tinakamuika kudambo, m'mbali mwa chulu, popanda nyimbo kapena mtanda. Pobwerera a Felesiya anatilangiza kuti mwini mwana asaonetsedwe malowo ndipo asalire, chifukwa akatero sadzaonanso wina. Ndinavomera monga anavomera onse.

Esinati atatuluka m'chipatala anangokhala duu. Anthu ankabwera ndi mawu amodzimodzi: "Mukali mwana imwe, muzabala wina." Iye osayankha, maso pakhoma. Chakudya ankangochigwira n'kuchisiya. Posakhalitsa pachitsime anayamba kunena kuti ndi wonyada, salemekeza alendo. Kenako Yosefe anabwera kwa ine nati, "Ba sisi, nalema. Sakamba na ine, sakudya. Nizamupeleka kwao ku Chinyunyu." Ndinapsa mtima moti chipande chomwe ndinagwira chinatsala pang'ono kumutera pamutu. Ndinamukalipira, iye n'kuchoka.

Madzulo ake ndinapita kwawo kukabwereka thumba. Pofufuza kuseri kwa chitseko ndinapeza kabulangeti kofewa, kakadali m'pepala lake la pamsika wa ku Rufunsa, Yosefe atakabisa pansi pa matumba kuti mkazi wake asakaone. Ndinaima nako m'manja nthawi yaitali. Yosefe naye wataya mwana, Amayi, koma palibe ndi mmodzi yemwe anamuuza kuti pepani. Tonse tinkangomutuma nkhuni ndi madzi.

Pamenepo ndinakumbukira zomwe munkanena tikamapita kwa munthu wachisoni: "Matrida, pakamwa pako usiye kunyumba, tenga lichero." Ndinkaseka, poganiza kuti mukungondinena kulongolola kwanga. Ulendo uno ndinakumverani. Ndinathira mtedza m'lichero, ndinakakhala pamphasa pafupi ndi Esinati, n'kuyamba kusenda. Kukhala chete kwa ine ndi ntchito yolemera kuposa kulima, mukudziwa, koma ndinalimba. Ndinapita, ndinapitanso, iye osanena kanthu. Tsiku lina dzanja lake linalowa m'lichero. Tinasenda mpaka makoko anadzaza pamiyendo, kenako anayankhula osandiyang'ana.

"Ba mulamu, munamuika kuti? Nifuna chabe kuona pamene agona. Mvula ikagwa nimaganiza kuti ali pamadzi."

Amayi, anthu tonse tinkamuuza za mwana wina amene adzabwere, pamene iye ankafunsa za uyu amene anamunyamula miyezi yonse ija, amene ankamumenya timiyendo m'mimba. Sanaone ngakhale nkhope yake.

Ndinapita kwa a Felesiya kukapempha. Anakana, anandikumbutsa mwambo, anati ndikufuna kuwononga banja la mlongo wanga. Ndinawabwerezera mawu a Esinati monga anawanenera. Ndinangoona chitenje chawo chapita kumaso. Ndipo anandiuza chomwe inu simunandiuze moyo wanu wonse: kuti ine sindine woyamba. Kuti ine ndisanabadwe munali ndi mwana wamwamuna amene anabadwa osalira, ndipo anakamuika kudambo lomwelo inu muli m'chikuta. Munapempha kuti akuonetseni, anakukanizani, ndipo amene ankadziwa malowo anamwalira onse osanena.

Ndalira, Amayi. Ndalira kuposa tsiku lomwe tinakuikani. Mukukumbukira mmene munkachepetsera liwiro tikafika panjira ya kudambo, mtolo wa nkhuni uli pamutu, maso uku ndi uku pa zulu? Ine ndi Yosefe tinkakusekani kuti mukufuna bowa mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Inu munkangoti, "Tsogolani, ndikupezani." Zaka zonse zija munkafunafuna mwana wanu, ife tikukusekani. Tsopano ndadziwa chifukwa chake mayi aliyense wotaya mwana m'mudzi muno ankakupezani pakhomo pake ndi lichero, ena onse atabalalika.

Potsanzikana a Felesiya anati, "Ine mailo nizankhala kumunda. Sinizaona kanthu."

M'mawa mwake ndinamutenga Esinati. Titafika pachulu ndinamulozera. Anagwada, anasalaza dothi ndi chikhatho monga munthu woyala pogona, n'kuona yekha kuti malowo ndi okwera, madzi safikapo. Kenako analira mokweza, kulira komwe anakumeza kuyambira kuchipatala. Sindinamuletse. Ndinakhala pansi, ndinamugwira phewa, ndinalira naye, theka la misozi yanga ili ya inu. Atatopa anandiuza kuti iye ndi Yosefe anali atasankha kale dzina. Akanakhala Veronika, dzina lanu.

Sindikunamizani kuti zonse zatha. Esinati wayamba kudya pang'ono, koma kuseka sanayambe. Za ku Chinyunyu Yosefe sanazitchulenso. Esinati ayenera kuti anamuuza malowo, chifukwa tsiku lina ndinamuona akulowera kudambo ndi nkhwangwa, ndipo nditapitako ndinapeza watchinga malowo ndi minga kuti agalu asafike. Azimayi ena sakundipatsa moni bwino, akuti ndaphwanya mwambo. Nanenso mantha ndili nawo, chifukwa Esinati akachedwa kuima, chala chidzaloza ine. Koma ndikakumbukira maso anu panjira ija, ndimadziwa kuti ndikanamutengabe.

Ndiye ndili ndi pempho. Kumeneko kukafika kamtsikana katsitsi lambiri, kopanda womuperekeza, musafunse kuti ndi ka yani. Ndi mdzukulu wanu. Kuno dzina lake timalitchula monong'ona, koma inu mumuitane mokweza, adziwe kuti anali nalo. Mumubereke kumbuyo monga munatiberekera ife.

Nanga mwana wanu uja, Amayi, munamupeza? Anakudziwani? Sindikudziwa ngakhale dzina lomwe munamusungira mumtima, ndipo palibe wotsala woti ndimufunse.

Ndikulonjeza kuti lichero lanu silidzapachikidwa m'nyumba muno. Ndipo ndikamadutsa kudambo ndidzachepetsa liwiro, ndidzayang'ana zulu zonse, popeza pansi pa chimodzi mwa izo pagona mchimwene wanga.

Ndine mwana wanu wachiwiri, wokukondani ndi wokusowani,

Matrida