Mwala Wosweka Msanga

Lachitatu, Leicester. Kwazizira, ndipo mtima uli kwathu.

Tsiku lonse ndimalowetsa mu kompyuta zotsatira za miyala ya ku Corby, yomwe amaipanikiza mu labu mpaka isweke. Umodzi unasweka msanga, kadontho kosonyeza kulimba kwake pa kompyutapo nkukhala kokha pansi pa mzere wa anzake. Bwana wanga anati, "Kafufute, mwina makina analakwitsa." Ndinakana, chifukwa pamalo pomwe panachokera miyalayo padzamangidwa nyumba yaikulu.

Ndinapita ku labu kukauona. Fungo la mwala wongosweka kumene linandibwezera ku Bangwe, komwe amayi ankaswa miyala yogulitsa. Wofewa ankandiponyera: "Uwu sitigulitsa, kasewere nawo."

Kadontho sindinakafufute. Kachidutswa kamwalawo kali m'thumba la jekete yanga. Amayi akanakhala moyo, bwenzi pano ndikuwaimbira...