Kiyi wa Vani ya Bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha mwana wamng'ono chija chinatha? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe m'mawa, koma dzuwa likakwera amayenda. Bambo ali ndi mphamvu kuposa tonsefe.

Mwakhudza kale kanthu kolimba mu envulopumu. Ndi kiyi wa vani. Musandiyese wamisala, yambani mwawerenga mpaka kumapeto. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndimameza mawu, monga mukundidziwira. Mukangofunsa kuti zili bwanji kumeneko, ine ndimati zili bwino.

Mukukumbukira ndalama zokonzetsera vani munatumiza miyezi inayi yapitayo. Bambo anandipatsa ine, amvekere a Digiri, monga amanditchulira, ndiwo odziwa masamu. Ndinapita nayo vaniyo kwa amakaniko aja timawatcha a Bwerani-Mawa. Anaizungulira kawiri, n'kulowa kunsi kwake, ndipo potuluka anati ikanakhala munthu akanati tiitane abale. Klachi inali itatha, radiyeta ikudontha, mabering'i a kutsogolo akulira, injini ikumwa oyilo ngati tiyi, ndipo buleki ya tayala lakumbuyo kumanzere inkataya mafuta. Zonse pamodzi zinkafuna malipiro anga a miyezi itatu. Zomwe munatumiza zinangokwana theka.

Ndinakhala pabenchi la pagalajapo ndi pepala, n'kuyamba kusanja ngati ndili m'kalasi. Ndinadzifunsa kuti ndi chiti chomwe chikafa vani singatuluke pageti. Klachi inakhala yoyamba, radiyeta yachiwiri, mabering'i achitatu. Mabuleki anatsalira pansi penipeni pa pepala, poti galimoto yodontha buleki imodzi imayendabe. Tsiku limenelo ndinaona ngati ndaganiza mwanzeru.

A Bwerani-Mawa anati ilipo njira yodikirira. Anamasula paipi yopita ku tayala lodonthalo, n'kuipinda, n'kuiphwanya ndi hamala kuti mafuta asamadutsenso. Anati mabuleki atatu angatisunge milungu iwiri, bola osanyamula zolemera. Kenako anandifunsa ngati madala awauze iwo kapena ine. Ndinati ndikawauza ndekha.

Sindinawauze, achemwali. Mwezi wotsatira tayala linaphulika. Mwezi winawo batire inafa. Nthawi zonse ndinkati buleki ija ndiikonzetsa ndikalandira, ndipo nthawi zonse pankatulukira china chomwe chikanaimitsa vani pakhomo. Ndikachedwa kunena, kunenako kunkalemera kuposa dzulo lake.

Lamlungu lapitali ndikusesa pabwalo ndinapeza kadontho pansi pa tayala lakumbuyo kumanja, lomwe linali labwino lija. Ndinakakhudza ndi chala. Sikanali kakuda ngati oyilo, kanali koyera, koterera. Lolemba ndinakwera nawo bambo popita kuntchito, maso anga ali paphazi lawo. Tisanafike pamphambano anaponda buleki kamodzi, kawiri, kachitatu, vani n'kuyamba kumvera. Ndikutsika ndinaona mabotolo atatu a mafuta a buleki kuseri kwa mpando, onse opanda kanthu.

Ndinathamangira kwa a Bwerani-Mawa. Ulendo uno sanaseke. Anati mbali inayo nayo yatopa chifukwa yakhala ikugwira ntchito ya awiri, mapaipi achita dzimbiri, ndipo zonse zikufunika zatsopano. Zipangizo za galimoto yakale chonchi amachita kuitanitsa, zimatenga masiku khumi. Anati mmene ilili panopa, ngakhale apongozi awo sangawakweze.

Tsono nkhani ndi iyi. Loweruka likubwerali bambo apatsidwa ntchito ndi womanga nyumba wina, yonyamula matailosi kupita kuseri kwa phiri, maulendo atatu. Mukuukumbukira msewu uja. Mtsetse wautali wokhotakhota, pansi pake kamlatho kopapatiza, ndi amayi ogulitsa masamba atakhala m'mphepete.

Dzulo masana ndinalimba mtima. Ndinawapeza bambo akupukuta galasi la kutsogolo, ndipo ndinawafotokozera zonse, za pepala, za hamala, za milungu iwiri. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangoseka. Anati anadziwa tsiku loyamba lomwelo, chifukwa atangoponda buleki vani inakokera kumanja, ndipo madzulo ake analowa kunsi n'kuiona paipi yophwanyidwayo. Zaka makumi anayi ali pachiwongolero, amvekere, ndiye angalephere kumva kuti galimoto ikutsimphina? Nditafunsa chifukwa chomwe anakhalira chete, anati sanafune kundichititsa manyazi, poti aka kanali koyamba kundisiyira chinthu m'manja.

Mawu amenewo andipweteka kuposa mbama. Miyezi inayi ine ndikubisa kuti asakhumudwe, iwo akubisa kuti ndisakhumudwe, ndipo tsiku lililonse akutuluka pageti ndi mabuleki atatu.

Ndinawapempha kuti ntchito ya Loweruka aikane. Anati mtsetse uja adzatsika ndi giya yachiwiri monga achitira nthawi zonse. Ndinawakumbutsa kuti giya yachiwiriyo imatuluka yokha vani ikalemedwa. Anati amaigwira ndi dzanja. Ndinati ndibwereka galimoto ina ndi malipiro anga. Anati womanga nyumbayo akangoona galimoto ina, mawa lake adzaimbira mwini wake, osati iwo. Ndipo anamaliza ndi kunena kuti matailosiwo ndiwo adzagule mabuleki, ndiye a Digiri awerengetsere bwino kuti choyamba n'chiti.

Amayi anali pakhonde akumva zonse. Mukudziwa amati vani ija ndi mkazi mnzawo. Dzulo sananene mwanthabwala. Anangoti mkazi mnzawoyo wadya ndalama zonse za m'nyumba muno, chatsala n'kutenga mwamuna.

Lero m'mawa ndachotsa kiyi pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Kiyi wina uja anatayika kalekale. Bambo atafunsa, sindinaname, ndawauza kuti ndikutumiza kwa inu pabasi ya masana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamaliza tiyi wawo n'kutsuka okha kapu.

Chonde achemwali, kalatayi ikangokufikani mawa, aimbireni. Musayambe ndi nkhani ya ndalama, mukatero adzakusekani n'kukufunsani za ana. Alankhuleni ndi mawu anu a unamwino aja, omwe munawamwetsa nawo mapiritsi a kuthamanga kwa magazi tonse titalephera. Inu amakuopani pang'ono. Ine amangondimvera chisoni. Auzeni kuti adikire masiku khumi, zipangizo ndaitanitsa kale. Za ine mudzandikalipira pambuyo pake, ndipo sindidzayankha.

Sindikudziwa ngati kutenga kiyi kwathandiza. Pamene ndikulemba pano ndikuwaona pawindo. Atsegula chitseko cha vani, loko wake paja anafa chaka chatha, ndipo agona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili kunja. Aitana amayi kuti awapatse pulayala ndi tepi yakuda. Amayi ayankha kuti sakudziwa komwe zili, koma bambo adzuka kukazitenga okha.

Mukalephera, Loweruka ndidzakhala nawo kutsogolo. Mwina ataona mwana wawo pampandopo sadzatuluka pageti. Mwinanso ndi masamu ena olakwika. Sindikudzikhulupiriranso.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti amalume awo akuwasowa. Mulungu akusungeni, ndipo nafenso atisunge mpaka tidzaonane tonse, osasowapo wina.

Ndine mlongo wanu,
a Digiri

Ndisanamate envulopu, injini yalira. Kiyi ndikutumizabe. Imbani.