Akuti ndimalemba mayina

Lachitatu, mu Julayi. Kwazizira, ndipo mtima wanga sunakhazikike tsiku lonse.

Tsamba la lero ndalemba m'mawa pa masitepe monga mwa nthawi zonse, poti m'chipinda chathu chino ku Berea, kuno ku Joni, tilimo ambiri, malo olembera mulibe. Ndinadzilonjeza kuti tsiku lililonse ndizilemba tsamba limodzi ndisanapite kuntchito, mpaka buku la moyo wa mayi anga litatha. Chiyambire sindinaphonyepo.

Koma dzana apolisi anabwera n'kudzatenga anthu opanda mapepala m'nyumba muno. Lero mayi a Chisomo, oyandikana nafe, amene sandidutsa osapereka moni, andidutsa ngati khoma.

Pochokera kuntchito, abambo Jafali a pa spaza, kagolosale ka pafupi apa, andikokera pambali.

"Achimwene, mumalemba chiyani pa masitepe paja?"

"Nkhani ya mayi anga, bambo."

"Ine ndakumvani. Koma anthu akuti mumalemba mayina a olowa ndi otuluka, n'kumapereka kupolisi. Kuno ndi ku Joni, mphekesera imapha. Siyani kaye."

Ndimafuna kuwawerengera tsambalo, koma akana, maso ali kumsewu.

Ndimadzidziwa ine, ndikasiya tsiku limodzi sindidzayambiranso. Komanso ndikasiya, anena kuti ndagwidwa. Pokwera ndapeza wina wathira madzi akuda pa sitepe yomwe ndimakhala, yokhayo basi. Anzanga a m'chipinda adya osandiitana.

Mawa ndilembabe. Koma ndikhale pati, poti pa masitepe paja msana wanga umaloza kukhomo...