Masitepe Aja Anali a Amayi Ako

Chipangali, 14 Juni

Wokondedwa mwana wanga Leticia,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako kumeneko ku Kitwe, pamodzi ndi amuna ako a Boyd ndi adzukulu anga. Kuno tadzuka. Mtedza takumba, uli padzuwa. Wondigwirira cholembera ndi a Dailes a mumphakati mwathu, poti ukudziwa kuti ine ndi zilembo sitinakumanepo. Ndawauza kuti alembe zonse, ngakhale zochititsa manyazi, ndipo asaseke. Aseka kale.

Nkhani ndi ya foni ija unandisiyira pa Khirisimasi, yowerenga masitepe n'kumakutumizira nambala yake. Unati matenda anga a shuga amafuna kuyenda, masitepe masauzande asanu pa tsiku, ndipo ndikalephera ubwera mu Ogasiti kudzanditenga, ndikakhale kwanu uzikandiyang'anira wekha. Mwana wanga, mawu amenewo anandilowa ngati minga. Ine ku Kitwe ndikalima chiyani? Manda a makolo anga akalambula ndani?

Poyamba ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndinkayenda mpaka mawondo kulira, koma foni n'kunena kuti masauzande awiri basi. Ndinaikayikira. Tsiku lina ndinatenga kolona, ndikuti mkanda umodzi ukhale masitepe khumi. Kuchoka pakhomo kukafika pamjigo ndinamaliza mikanda makumi asanu ndi awiri, ndiye kuti mahandiredi asanu ndi awiri. Foni inati mahandiredi anayi. Anamwino a ku kiliniki anandiuza pambuyo pake kuti munthu woyenda mokhwekhwereza mapazi ngati ine, foni ili m'thumba la jekete lalikulu, masitepe ena siiwamva. Koma tsikulo ndinangoti kanthu aka n'kakuba, ndipo wakuba sachitirana naye chilungamo.

Apa ndi pamene ndinachimwa. Ndinapempha amayi ako kuti aimange foniyo pamfundo ya chitenje chawo. Anakana kawiri. Anati iwo si bulu woti azinyamula mabodza a mwamuna. Nditawafunsa ngati akufuna kutsala okha m'nyumba muno, anatambasula dzanja.

Nambala zija unkakondwera nazo kuyambira Febuluwale, masauzande khumi ndi awiri, khumi ndi anayi, sizinali zanga. Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango. Unandiimbira n'kunena kuti atate mwasanduka mnyamata, foni ikuti mwatentha chakudya chambiri m'thupi, kachitumbuwa kamodzi mutha kudya. Ndinadya tiwiri, ndi tiyi wa shuga. Amayi ako ankangoti zodabwitsa, miyendo yotopa ndi ya ine Sesiliya, chitumbuwa chikulowa mwa Gabrieli.

Mwezi watha ndinachita chizungulire pokumba mtedza, anandinyamula pangolo kupita ku kiliniki. Shuga anali atakwera kuposa kale. Anamwino anaona foniyo, anandiona ine, n'kundifunsa kuti agogo, masitepe awa mumayenda ndi miyendo iti? Amayi ako anayankha okha kuti ndi iyi, akuloza yawo. Odwala onse pabenchi anaseka, ngakhale wina amene anabwera akubuula.

Anamwinowo anatilangiza mofatsa. Anati foni imangoyerekeza, ngakhale ngolo ikagwedezeka imawerenga, ndipo za chakudya chotenthedwacho ndiye imaphonya kwambiri. Magazi okha ndiwo sanyengeka.

Koma chimene chinandivuta pobwerera si shuga ayi. Ndi nambala zija. Masauzande khumi ndi anayi! Pamjigo katatu, kudimba, kunkhuni, kuchigayo, kukaona odwala a mumphakati. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndakhala ndi mkazi ameneyu, ndimangoona madzi ali mumtsuko ngati amamera momwemo.

Tsono tsopano mmawa uliwonse ndimapita nawo kumjigo, ndanyamula kachigubu kakang'ono, madzulonso chimodzimodzi. Azimayi a pamjigo amandifunsa ngati ndalowa chikamwini chachiwiri. Ndimawayankha kuti inde, ndipo apongozi ake ndi foni. Vitumbuwa ndasiya. Lachiwiri lapitali anandiyezanso, shuga watsikako. Pepala la ku kiliniki ndaliika m'kalata muno, uliwerenge wekha poti pakamwa panga pataya ulemu.

Ndikhululukire, Leticia. Ndinakunamiza chifukwa cha mantha, osati kukupeputsa. Pempho langa ndi ili: usandiweruze ndi foni. Uzifunsa anamwino mwezi ndi mwezi, uzifunsanso amayi ako, amene atopa kundibisira. Shuga akakweranso, ndidzakwera basi ndekha osadikira kuti unditenge. Koma akapitiriza kutsika, mu Ogasiti ubwere ndi adzukulu adzakazinge mtedza, ndipo pobwerera mpando wanga m'galimoto tidzakhazikepo thumba la mtedza.

Kuyambira lero uziona masauzande atatu, mwina anayi. Ndi ochepa, koma ndi anga, uwonjezerepo wekha amene kafoni kaja kamandibera.

Undiperekere moni kwa a Boyd, kwa adzukulu anga Chikondi ndi Mthunzi. Ambuye akusungeni nonse. Amayi ako akuti ndikuuze kuti foniyo usadzaitenge, chifukwa chimene anachipempha zaka zonsezi osamvedwa, choti ndiziwathandiza kutunga madzi, iyo yachita m'miyezi isanu.

Ndine atate ako,
Gabrieli Zulu