Nsinjiro Zimene Sindinalembe

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko kumene muli?

Ine kuno ku Maputo ndili bwino, kungoti ndanenepako. Mukanandiona mukanayamba mwathokoza Mulungu, kenako n'kundikokera kuseri kwa nyumba kukandifunsa ngati pali mwamuna. Palibe, Amayi. Ndi pawu, buledi wa kuno, wa m'mawa ndi madzulo, ndiponso kukhala pampando tsiku lonse.

Ndiyambe ndi za kwathu ku Tsangano, chifukwa ndikudziwa kuti ndikayamba ndi za shikola, za maphunziro angazi, mugona. Mng'ono wanga Marita anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, anabadwa pakati pa chisanu chija choumitsa zala. Anamutcha Rozaliya, dzina lanu, ndipo anatenganso kukhosi kwanu. Akalira kwathu, a kutsidya kwa dambo amadziwa kuti wadzuka. Kachewere wabereka bwino chaka chino, koma chimanga cha kumunda wa kumtunda chinagwa ndi mphepo. Mtengo wanu wa mapichesi ukubalabe ngati sunamve za maliro. Ng'ombe yanu yamakani ija inathyolanso khola n'kukadya nyemba za eni ake, ndipo Bambo anapita okha kukapepesa, chipewa chili m'manja. Akuti mukanakhalapo inu, eni nyembawo ndi amene akanapepesa.

Bambo ali bwino, koma andiika m'mavuto. Anaimirira m'tchalitchi n'kulengeza kuti mwana wawo woyamba tsopano ndi dotora. Nditafika kumudzi patchuthi ndinapeza anthu ali ndondondo pakhonde, wina wagwira tsaya, wina msana, wina wabwera ndi mbuzi yotsegula m'mimba. Ndinawafotokozera kuti sindine dotora woona odwala, ndikuchita meshitiradu, maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba ija, ndipo ntchito yanga ndi kufufuza mankhwala atsopano ndi njira yowafikitsira pamene pali matenda m'thupi. Anthu anangondiyang'ana. Bambo anati andithandize.

"Ndiye kuti umagulitsa mapiritsi ku farimasiya?"

Ndinati ayi.

"Umabaya anthu singano?"

Ndinati ayi.

"Então umatani kumeneko, zaka zonsezi?"

Ndinati, "Bambo, ndimasamala mbewa."

Mwini mbuzi uja anangoikoka n'kumapita osatsanzika.

Koma ndi zoona. Ku labolatoriyo tili ndi mbewa zoyera, za maso ofiira, zimene sizinaonepo munda chibadwire. Zimagona m'chipinda chosatentha ndi chosazizira, pa utuchi wosinthidwa nthawi ndi nthawi. Kuti ndilowe kwa izo ndimasamba m'manja, kuvala chovala choyera, kuphimba tsitsi ndi pakamwa. Kwa bwanamkubwa sindikudziwa ngati amalowa ndi ulemu wotere. Nditaonetsa Bambo chithunzi chake pa foni anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kumeza malovu. Anafunsa kuti tikathana nazo timazitani. Nditanena kuti zimatenthedwa mu ng'anjo mpaka phulusa anagwira mutu. "Epa! Zonona chonchi? Ife kuno tikutha makasu kukumba mauna, inu mukuotcha ndiwo mpaka phulusa!" Kuyambira tsiku limenelo akandiimbira foni amayamba afunsa za mbewa, za ine pambuyo.

Tsopano ndifike pa chimene ndakulemberani, chifukwa ndili ndi mlandu ndi inu.

Mukukumbukira tsiku lija ndinabwera ndi kope kudzakufunsani za mankhwala anu a malungo? Khungwa lija la mtengo wa pa chulu cha kudambo, limene munkatimwetsa tikayamba kunjenjemera, pamene mvula yatseka njira ya ku chipatala. Ndinali nditawauza aphunzitsi anga, a Pulofesora, mayi wamfupi wa magalasi amene saseka chisawawa, kuti ndikufuna kufufuza khungwa limeneli. Anavomera. Inu munali mukusenda nyemba pamphasa, ndipo munandiuza zonse bwinobwino: khungwa lichotsedwe mbali yotuluka dzuwa, liume pamthunzi, lisinjidwe, ufa wake uthiridwe m'phala, ndipo phalalo likhale la nsinjiro zambiri, dzanja lodzaza. Munati, "Mankhwala ndi mlendo, mwanawe. Mlendo sayenda yekha m'mudzi wa eni, amafuna womuperekeza." Kenako munasuzumira m'kope muja, ngakhale kuti simunkawerenga, n'kundifunsa kuti, "Nsinjiro walemba?"

Ndinati ndalemba.

Amayi, ndinanama. Sindinalembe. Ndinkaganiza kuti nsinjirozo zinali nyambo chabe yotinyengerera ife ana, poti khungwalo limawawa ngati ndulu. Mumtima ndinati ine ndine munthu wa sayansi, ndikufuna mankhwala enieniwo, za phala ndi mtedza ndi za kukhitchini. Ndinaonanso kuti ndingachite manyazi kuimirira pamaso pa anthu ophunzira n'kumakamba za nsinjiro. Patapita miyezi inayi inu munagwa m'munda, ndipo bodza langa linatsala lopanda womuululira.

Poyamba zinthu zinayenda mokoma. Tinasungunula khungwa lija, kulisefa, kulisefanso, mpaka tinatsala ndi kaufa kachikasu kosadzaza n'kasupuni komwe. Titakathira m'timbale mmene timasungira tizilombo ta malungo, tizilomboto tinafa. A Pulofesora anavula magalasi n'kunena kuti "muito bem," kutanthauza kuti ndachita bwino kwambiri, ndipo anzanga anati chiyambire sanawamvepo akutero. Ine ndinayamba kuyenda ngati mwini msewu.

Kenako inafika nthawi ya mbewa. Timazipatsa malungo a mtundu wa mbewa, kenako n'kuzimwetsa mankhwala kuti tione ngati zichire. Ndinkasakaniza kaufa kaja m'madzi n'kuzimwetsa ndi kapaipi. Amayi, mbewa zinkangodwalabe. Ubweya nyankhalala, zili khuma pakona ngati anthu a pamaliro. Ndinawonjezera muyezo, osathandiza. Ndinasintha nthawi yomwetsera, osathandiza. Tsiku lina mnzanga anandipeza ndikuzinyengerera m'Chichewa kuti zichire, ndipo anandiuza kuti mwina vuto n'lakuti mbewa za ku Maputo sizimva chinenero cha ku Tete. Chaka chathunthu chinatha choncho. Pomaliza a Pulofesora anandiitana mu ofesi. Anati mankhwala ambiri amatero, amapha tizilombo m'mbale koma m'thupi amalephera, ndipo si manyazi kuwasiya. Anandipatsa miyezi itatu. Ikatha popanda chooneka, ndisiye mtengo wanu, anditengere mutu wina wa kafukufuku umene iwo ali nawo kale m'kabati.

Ndinalira m'chimbudzi cha ku labolatoriyo, pompi ndili nditatsegula kuti asandimve. Digiri ndikanaipezabe ndi mutu winawo. Chinkandipweteka n'chakuti ndikanalemba ndi dzanja langa kuti mankhwala a mayi anga sagwira ntchito, inu mulibe pakamwa poti mudziyankhire.

Munkakonda kunena kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndinaganiza kuti mwina ndinasenda mtengo wolakwika, choncho ndinanyamuka ulendo wa kwa mng'ono wanu, amayi aang'ono a Felista, ku Chidzolomondo kumene anakwatiwa. Ndinakwera shapa, minibasi yathu ija, mpaka ku Furancungo, nkhuku ya munthu wina ili pamiyendo panga, kenako mota, njinga yamoto imene inandigwedeza mpaka ndinaiwala dzina langa. Ndinawapeza akusoka fodya m'chigafa. Akalamba, Amayi, koma pakamwa mpomwe paja. Ndinawaonetsa khungwa. Analinunkhiza, kuliluma, kulavula, n'kunena kuti mtengo ndi womwewo. Kenako anafunsa mmene ndimaziphikira phala mbewazo.

Ndinati siziphikiridwa phala, ndimangosakaniza m'madzi.

"M'madzi? Nanga nsinjiro?"

Ndinati sindithiramo.

Anaika fodya pansi n'kuomba m'manja kamodzi. "Iwe Anasitaziya, iwe! Mbewa, mbewa yeniyeni, imene imaboola nkhokwe chifukwa cha mtedza, iwe waimana mtedza? Ngakhale pa msampha timaikapo mtedza! Akulu anga sanakuuze?" Ndinati munandiuza. "Ndiye unatani?" Ndinati sindinalembe. Anaseka mpaka kutsokomola, anaitana ndi anzawo a m'chigafa kuti adzaone munthu amene wapita shikola mpaka ku Maputo kukaphunzira kuchotsa nsinjiro m'phala. Atatha kuseka anandiuza kuti agogo anayesapo kumwetsa khungwalo ndi madzi okha chaka china cha njala, mtedza utasowa, ndipo silinathandize aliyense. Nkhani imeneyi inu munkaidziwa. Ine ndikanangofunsa kuti nsinjirozo n'zachiyani, mukanandiuza tsiku lomwe lija pamphasa.

Ndinabwerera ku Maputo ndi kathumba ka mtedza wa a Felista. Ndinakaika pa tebulo la a Pulofesora, pakati pa mabuku awo, n'kuulula zonse. Ndinkadikira kukalipiridwa. Koma iwo anangotenga kaufa kachikasu kaja, kena n'kuthira m'madzi, kena m'mafuta. Ka m'madzi kanangoyandama n'kukhazikika pansi ngati mchenga. Ka m'mafuta kanasungunuka n'kusowa. Ine ndinali nditaona kale kuti sikasungunuka bwino m'madzi, koma ndinkangokhutchumula botolo mwamphamvu n'kumati zatheka. M'timbale muja kankagwira ntchito chifukwa tinkayamba takasungunula m'mankhwala ena a ku labolatoriyo, amene sitimwetsa chamoyo. M'mimba mwa mbewa kankangolowa n'kutuluka osalonjera aliyense. Mafuta a mu mtedza ndi amene amakanyamula, kukaolotsa m'matumbo n'kukafikitsa m'magazi mmene muli tizilombo. A Pulofesora anandifunsa kuti mayi anga anaphunzira kuti. Ndinati simunapondepo m'kalasi. Anati, "Pois, koma wophunzira wawo ndiye anali wogona."

Mbewa sitingaziphikire phala, poti muyezo wake suoneka bwino. Tinafinya mafuta a mtedza uja, n'kuwamenya ndi makina mpaka anasanduka timadontho tosaoneka ndi maso, mankhwala ali m'kati mwake. Amaoneka ngati mkaka. Gulu lina la mbewa ndinalimwetsa za m'madzi monga kale, lina za mafutazi. Pa tsiku lachinayi ndinalowa m'chipinda cha mbewa chija. Za madzi zinali khuma monga mwa masiku onse. Za mafuta zinali zikukwera mawaya, zikulimbirana chakudya, ina inandiluma chala. Sindinakondwerepo chonchi polumidwa ndi chinthu. Titayeza magazi ake, tizilombo tinali titachepa kwambiri. Tabwereza kawiri, zatuluka chimodzimodzi, ndipo za mutu wina wa m'kabati uja sizikukambidwanso.

Musafulumire kunyada kumeneko n'kuyamba kuuza anzanu. Mbewa si munthu, ndipo njira yoti izi zidzakhale mankhwala a m'chipatala ndi yaitali, mwina ndidzachita kumera imvi. Tiyenera kudziwa kaye ngati sizipweteka chiwindi kapena impso. Ndawauza Bambo ndi Marita kuti Rozaliya akatentha thupi athamange naye ku chipatala, asayambe za kudambo. Bambo anavomera, kenako anafunsa ngati mbewa zochirazo tsopano zili zodyeka. Ndinati ayi. Akuti sayansi ndi kuwononga.

Pali china chimene sindinakuuzenipo, ndipo ndi chimene chimandikhala pamtima ndikamasakaniza mafuta aja. Inu simunkalola mlendo kuchoka pakhomo yekha. Ngakhale wodzapempha moto munkamuperekeza mpaka pa mtsinje, nkhani zili pakamwa, ndiwo zikupserera kunyumba. Ine ndikamapita ku shikola munkandinyamulira chikwama mpaka pamsewu, n'kuimabe pomwepo shapa itapita kale. Koma tsiku la ulendo wanu ine kunalibe. Uthenga unandipeza ku Maputo, mvula inali itawononga msewu, ndipo ndinafika patapita masiku awiri, n'kupeza mulu wa dothi ndi nkhata zofota. Mudzi wonse unakuperekezani kupatula mwana wanu woyamba. Anthu anati si mlandu wanga, koma zimandiwawa, Amayi, ndipo ndakusowani kwambiri.

Mwezi wamawa ndikaimirira pamaso pa aphunzitsi atatu kuteteza kafukufukuyu. A Pulofesora andilola kuyamba ndi mawu anu aja a mlendo, m'Chichewa, kenako ndiwamasulire m'Chipwitikizi. Dzina lanu lili pa tsamba loyamba la buku lake. Mvula ikatha tikumanga chiliza chanu, ndipo ndikulonjeza kuti ndidzafika sabata yathunthu tsikulo lisanakwane, msewu ufune usafune. Ndidzanyamuka pakhomo wapansi, kutsata njira imene anakunyamulirani, bukulo lili m'manja, mpaka pamene mwagona. Ndidzakhala pansi n'kukuwerengerani, ndipo mukadzafuna kusuzumiramo ndidzakulozerani ndi chala pa tsamba lake.

Nsinjiro ndalemba, Amayi. Ulendo uno ndalembadi.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Anasitaziya